Blues ya pansanja ndi ya mu situdiyo: chimasintha n'chiyani kwenikweni?

Mavuto:
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya The Allman Brothers Band, koma ikukhudza blues yonse. Whipping Post pa chimbale chawo choyamba cha 1969 ndi nyimbo ya mphindi zisanu ndi timasekondi pamwamba. Nyimbo yomweyo pa At Fillmore East, chimbale chomwe anajambula pamaso pa anthu m'holo ya Fillmore East ku New York pa 12 ndi 13 Marichi 1971, yadya mbali yonse ya mbale, mphindi pafupifupi 23. Oyimba ndi omwewo asanu ndi mmodzi: Duane Allman ndi Dickey Betts pa magitala, Gregg Allman pa ogani ndi pamawu, Berry Oakley pa besi, Butch Trucks ndi Jaimoe pa ng'oma. Koma ukamamvetsera zimakhala ngati ndi mabandi awiri. Ndiye chimasintha n'chiyani bandi ya blues ikatuluka mu situdiyo n'kukwera pansanja? Ndikufuna zifukwa zogwirika, osati kungoti ya pansanja ili ndi mzimu.

aGondwe:
Tiyambe ndi nthawi achimwene, chifukwa imeneyo ndi masamu chabe. Ulendo umodzi wa blues ndi ma bar 12, bar iliyonse mabiti anayi, onse pamodzi mabiti 48. Blues yoyenda pang'onopang'ono, ya mabiti 60 pa mphindi, ulendo umodzi umatenga masekondi 48. Tsono mbale zakale za 78 (zozungulira ka 78 pa mphindi) za mainchesi 10 zinkanyamula mphindi zitatu kapena kupitirirako pang'ono mbali imodzi, ndipo mbale za 45 zitabwera, mawailesi ndi ma jukebox (makina oyimba mbale ukaponyamo ndalama) anapitiriza kufuna nyimbo za msinkhu womwewo. Mphindi zitatu ndi masekondi 180. Gawani ndi 48, mupeza kuti maulendo anayi sakukwana n'komwe. Ndime zitatu zoyimba, solo imodzi yothithikana (gawo limene chida chimodzi chimatsogola chokha), nyimbo yatha.

Onani Stormy Monday. T-Bone Walker anaijambula mu 1947 m'mphindi zitatu zomwezo. A Allman pa Fillmore anaiyimba mphindi zoposa zisanu ndi zitatu, magitala onse awiri ndi ogani aliyense kulandira gawo lake. Pa ulendo umodzi woyimba gitala amangonena mfundo imodzi n'kukhala pansi. Mukamupatsa maulendo anayi kapena asanu amayamba motsika, amasiya mipata, amabwereza kachiganizo kamodzi kangapo akukasintha pang'onopang'ono, ndipo nsambo zapamwamba amazisungira kumapeto. Kumeneko ndi kamangidwe kena ka solo, si kutalikitsa chabe.

Tadala:
aGondwe, masamuwo ndagwirizana nawo, koma tisafulumire kuganiza kuti kutalika ndiye ubwino. Zimbale zambiri za pansanja zimatopetsa pa chifukwa chomwecho. Munthu alibe chonena pa ulendo wachisanu ndi chimodzi koma akuyimbabe chifukwa anthu akukuwa.

Tengani Albert King. Born Under a Bad Sign, cha 1967, anajambulira ku kampani ya zimbale ya Stax mu mzinda wa Memphis, kumbuyo kwake kuli Booker T. & the M.G.'s: Al Jackson Jr. pa ng'oma, Duck Dunn pa besi, Steve Cropper pa gitala yachiwiri, kuphatikizapo malipenga. Nyimbo zambiri sizifika mphindi zinayi. Solo ya Crosscut Saw ndi yaifupi moti mutha kuiyimba ndi pakamwa mutaimva kawiri, ndipo kagundidwe ka ng'oma ka Al Jackson m'nyimbo imeneyo ndi theka la nyimbo yonse. Chaka chotsatira, mu Juni 1968, anajambula Live Wire/Blues Power ku Fillmore ya ku San Francisco ndi bandi yake yoyenda nayo. Gitala pamenepo ndi yoopsa, palibe wotsutsa, Blues Power yokha ndi mphindi khumi. Koma bandi yakumbuyo ntchito yake ndi kungoyala mphasa kuti mwiniwake akhalepo. Ndiye tikamati "ya pansanja ndi ya mu situdiyo", nthawi zina tikuyerekeza mabandi awiri osiyana ndithu, dzina la pachikuto lokha ndiye lofanana. Kwa a Allman n'zosavuta chifukwa anthu ndi omwewo.

aNabanda:
Ndiwonjezere za kamvekedwe ka gitala, pakuti apa ndiye pamene khutu limazindikira msanga. Ampu ya machubu siimveka chimodzimodzi pa voliyumu 3 ndi pa 7. Ikakwezedwa machubu otulutsa mphamvu amayamba kudzaza, mawu amanenepa, kugunda koyamba kwa nsambo kumafewerako ndipo noti imachedwa kufa. Chachiwiri, sipika ikamafuula pafupi ndi gitala, mpweya womwewo umagwedeza thupi la gitala ndi nsambo, nsambo n'kubwezera mu pickup, kachida ka pa gitala kotola kugwedezeka kwa nsambo. N'chifukwa chake pansanja munthu amatha kukoka nsambo imodzi n'kuigwira masekondi asanu kapena kuposa osaimenyanso. Albert King ankayimba ndi dzanja lamanzere pa Gibson Flying V yosatembenuza nsambo, ndiye nsambo yopyapyala inali pamwamba ndipo ankaikokera pansi. Kukoka kotereku kumafika patali, ndipo pa Live Wire mumamva noti yokokedwayo ikukhalitsa m'mwamba kuposa pa mbale za ku Stax.

Mu situdiyo vutoli amalithetsa m'njira ziwiri. Ina ndi kutenga ampu yaing'ono, monga Fender Champ ya mawati 5 kapena Deluxe Reverb ya mawati 22, n'kuitsegula kwambiri. Imadzaza msanga isanagonthetse anthu m'chipinda. Ina ndi imene anachita Eric Clapton mu 1966 pojambula Blues Breakers ndi John Mayall ku situdiyo ya Decca ku London: gitala ya Les Paul mu ampu ya Marshall, voliyumu ya pansanja, mainjiniya n'kuona okha chochita. Chimbale chimenecho ndi cha mu situdiyo koma gitala yake ndi ya pansanja.

Chisomo:
Ndipo mtengo wa voliyumu imeneyo ndi kulowererana kwa mawu. Ili ndiye gwero la pafupifupi kusiyana konse kwa kajambulidwe, ndiye ndikhalitsapo pang'ono.

Pansanja maiki ya woyimba imaloza kumbuyo, kumene kuli ng'oma ndi maampu. Woyimba akangosuntha mutu, maikiyo imamva ng'oma ya sineya, ma cymbal ndi gitala. Posakaniza, mukakweza mawu a woyimba mwakwezanso ma cymbal. Mukaika compressor (chida chotsitsa mawu akakwera kwambiri) pa mawuwo zimaipiraipira, chifukwa woyimba akapuma compressor imamasuka n'kukweza zonse zakumbuyo, ndiye ma cymbal amamveka ngati akupuma, kukwera ndi kutsika potsata mawu. Ndicho chifukwa zimbale zambiri za pansanja zimakhala ndi kaphokoso kowala kumtunda, pomwe besi imamveka yosalongosoka.

Kachiwiri, liwu limodzi likafika pa mamaiki awiri pa nthawi zosiyana, mbali zina za liwulo zimafafanizana. Sineya imapyapyala, besi imasowa pansi. Lamulo lodziwika ndi la 3 kwa 1: maiki ikakhala masentimita 20 kuchoka pa chida chake, maiki ina ikhale masentimita 60 kapena kuposa kuchoka pa yoyambayo. Pa nsanja yaing'ono lamuloli silitheka paliponse. Chimene chimathandiza ndi kugunditsa maiki ya SM57 pa nsalu ya ampu penipeni, kutenga besi kudzera mu DI (kabokosi kotenga mawu mwachindunji pa chingwe cha chidacho) kuti isadalire maiki, kudula mawu a pansi pa 80 kapena 100 Hz pa mamaiki onse kupatula ya bass drum ndi besi, ndiponso kupendeketsa maampu kuti aloze m'mwamba kwa mwini wake kapena cham'mbali, osati mu maiki ya woyimba.

Mu situdiyo ampu imatsekeredwa m'kachipinda kake, woyimba m'kachipinda kake, pakati pa zida amaikapo zotchinga. Chilichonse chimatuluka choyera. Koma kulowererana kuja kuli ndi ubwino wake umene anthu amauiwala: kumamata zida pamodzi, khutu n'kumva kuti anthu onsewa ali m'chipinda chimodzi. Mukakuchotsa konse mumayenera kubwezera ndi reverb ya makina, yotsanzira kubwerera kwa mawu m'chipinda, ndipo imeneyo siifanana ndendende.

Mavuto:
Ndiye tinganene kuti chimbale cha pansanja ndicho chimaonetsa bandi mmene ilili, cha mu situdiyo n'chokonzedwa?

aGondwe:
Ayi achimwene, pamenepo ndiye pali msampha. At Fillmore East yomwe mwaitchulayo inadutsa pa lezala lodulira tepi la Tom Dowd, amene anakonza chimbalecho. You Don't Love Me ndi zidutswa ziwiri za mashoo awiri osiyana zolumikizidwa. Solo ya hamonika ya Thom Doucette, amene anayimba nawo ngati mlendo, mu Stormy Monday inadulidwa pa mbale yoyamba, inadzabwerera pa The Fillmore Concerts mu 1992. Kumbukirani kuti mbali imodzi ya LP imanyamula mphindi 20 ndi zingapo, ndipo mukaipanikiza kwambiri mizere imathithikana, voliyumu ndi besi zimatsika. Choncho ngakhale chimbale cha pansanja chinali ndi mpanda wake. Komabe kudula ndi kulumikiza sikusintha zimene anthu anayimba usiku umenewo. Noti zonse ndi zenizeni.

Nkhani ina ndi ya Stevie Ray Vaughan ndi Double Trouble. Texas Flood, chimbale cha mu situdiyo cha 1983, zida zake anajambula m'masiku owerengeka mu Novembala 1982 ku situdiyo ya Jackson Browne ku Los Angeles, anthu atatu akuyimbira limodzi monga ankachitira m'makalabu a ku Austin. Pomwe Live Alive cha 1986, chomwe pachikuto chikuti ndi cha pansanja, mbali zambiri anazijambulanso mu situdiyo. Ndiye pa ziwirizi chimene chikuonetsa bandi mmene ilili ndi chiti? Ine ndingaloze Texas Flood.

Tadala:
Ndipo kujambulanso kumamveka ukadziwa pomvetsera. Valani mahedifoni. Mawu oyamba a woyimba sangafufutike konse chifukwa analowa m'mamaiki a ng'oma ndi a anthu. Akayimbanso mu situdiyo n'kusiyana pang'ono kutalika kwa liwu kapena pamene wapumira, mumamva kamthunzi ka mawu akale kumbuyo, kakuyamba msanga kapena kutha mochedwa. Chizindikiro china: mawu amene sakusintha mtunda n'komwe nyimbo yonse. Munthu amene akuyimba gitala uku akuyimba pakamwa amayang'ana pa khosi la gitala, amachoka pa maiki, mawu ena amazimirira. Zikakhala zosalala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kayikirani. Gitala nayonso, ikakhala youma pafupi ndi khutu pomwe ng'oma zili m'holo yaikulu, ndiye kuti sizinabadwire malo amodzi.

Yamikani:
Mwakamba za zida ndi mamaiki, koma anthu omvera mwawasiya kuti? Mu blues omvera ndi mbali ya bandi. Live at the Regal cha B.B. King, chojambulidwa ku Regal Theater ku Chicago pa 21 Novembala 1964, umboni wake ndi umenewo. Sweet Little Angel, It's My Own Fault ndi How Blue Can You Get zimatsatana bandi osaima, iye akulankhula ndi anthu pamwamba pa piyano, kuwakonzekeretsa nyimbo yotsatira. Mu How Blue Can You Get muli malo amene bandi imagunda n'kuima, kugunda n'kuima, iye akuponya mzere umodzi umodzi, ndipo pa mzere womaliza holo yonse imaphulika. Mzere umenewo analembera kuti uyankhidwe. Mu situdiyo umagwera m'chipinda chopanda munthu.

Chinanso, B.B. King kawirikawiri sankayimba pakamwa ndi pagitala nthawi imodzi. Amayimba mzere, Lucille, gitala yake, n'kuyankha. Pansanja pamabwera woyankha wachitatu, ndipo mumamumva akudikira kuti kukuwa kutsike asanaponye noti yotsatira. Mipata imeneyo siilembedwa, amaipanga anthu. Nyimbo za pa chimbalechi si zazitali n'komwe, zambiri ndi mphindi zitatu kapena zinayi, ndiye mfundo ya aGondwe ya nthawi siikugwira pano. Chasintha ndi kapumidwe.

aGondwe:
Zoona zimenezo, pa Regal nthawi si nkhani. Ndavomera.

Chisomo:
Kuti kuyankha kumeneko kumveke pa chimbale pamafunika mamaiki a anthu, ndipo ambiri amalakwitsa poika. Liwu limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi atatu pa mita iliyonse. Mukaika mamaiki a anthu kumbuyo kwa holo, mamita 17 kuchoka pansanja, sineya imafika kumeneko mochedwa ndi mamilisekondi 50. Mukasakaniza ndi maiki ya pafupi mumamva kugunda kuwiri, ndipo shuffle, kagundidwe kodumpha ka noti yaitali ndi yaifupi, imasanduka phala. Njira ndi ziwiri. Ikani mamaiki awiri m'mphepete mwa nsanja, kumanzere ndi kumanja, ataloza kwa anthu, cham'mbali kapena kumbuyo kwa masipika akuluakulu kuti asawamve kwambiri. Kapena ngati ali kale kumbuyo, pa kompyuta kokerani tiraki yawo m'mbuyo kuti iyambe msanga, mpaka kugunda kwa sineya kugwirizane ndi kwa maiki ya pafupi. Ndipo akhale m'mwamba, mamita atatu ngati n'kotheka. Akakhala pamsinkhu wa mutu, chimbale chonse chidzakhala cha munthu mmodzi amene anaima pafupi akucheza ndi mnzake.

Dalitso:
Pepani akuluakulu, funso la wophunzira. N'chifukwa chiyani zojambula zotengedwa pa mikisa ya shoo nthawi zambiri mawu a woyimba amakhala pamwamba kwambiri, gitala ndi sineya osamveka? Chonsecho m'holomo gitala ndiyo imagonthetsa.

Chisomo:
Mwadziyankha nokha achimwene. Wa pa mikisa amasakanizira holo, osati tepi. Ampu ya mawati 40 ngati Super Reverb, ya masipika anayi a mainchesi 10, imadzaza kalabu yokha popanda thandizo, ndiye iye amaitsitsa kapena kuizimitsiratu pa mikisa. Zimene amakweza ndi zofooka: mawu, piyano, bass drum. Chotuluka pa mikisa ndi zotsalira zimene holo inkasowa, si nyimbo yonse.

Kukonza kwake kuli m'magawo. Chabwino koposa ndi kugawa chingwe cha maiki iliyonse isanalowe mu fader (chokwezera ndi kutsitsira voliyumu pa mikisa), tiraki iliyonse payokha, n'kudzasakaniza bwino pambuyo pake. Mamikisa ambiri a digito amatulutsa zimenezi pa USB. Ngati sizitheka, pemphani aux ziwiri (njira zapadera zotulutsira mawu pa mikisa) zosagwiritsidwa ntchito, zikhale pre-fader, kutanthauza zotenga mawu asanafike pa fader, mupange kusakaniza kwanu pa mahedifoni otseka makutu. Ngati nazonso palibe, tengani chotuluka pa mikisa pa matiraki awiri, mamaiki awiri a m'holo pa matiraki ena awiri, mudzagwirizanitse nthawi monga ndafotokozera. Mamaiki a m'holo ndiwo adzabweze gitala ndi sineya.

Jambulani pa 24-bit, ndipo poyesa zida nsonga za mawu zisapitirire -12 dBFS (muyezo wa pa digito, pomwe 0 ndiye denga). Bandi ya blues poyesa imayimba mwaulemu, koma pofika nyimbo yachitatu wa ng'oma walimbitsa dzanja ndipo wa gitala wakhudza kale voliyumu. Mawu akagunda 0 pa digito amang'ambika ndipo sabwereranso. Mverani kaye ngati pali kung'ung'uza kwa magetsi, 60 Hz ku America, 50 Hz m'maiko ambiri. Ma pickup a single-coil (a koyilo imodzi) a gitala ya Stratocaster amakoka phokoso la ma dimmer, zochepetsera kuwala kwa magetsi a pansanja. Switchi ya ground lift ya pa DI imathetsa kwina, kwina woyimba amangofunika kutembenuka pang'ono kapena kutseka voliyumu ya gitala pakati pa nyimbo.

aNabanda:
Hamonika ndiyo imazunzika kuposa zonse pansanja. Kamvekedwe ka ku Chicago, kamene Little Walter anatchukitsa ndi Juke mu 1952, kamachokera pa kufumbatira hamonika ndi maiki m'manja mothina, maikiyo n'kulowa mu ampu ya gitala. Maiki ngati Green Bullet ya Shure imamva mbali zonse, ndiye woyimba akangomasula manja ampu imayamba mluzu. Mu situdiyo ampuyo ili kuseri kwa chitseko, amaikweza mmene akufunira. Pansanja amakakamizika kuima cham'mbali mwa ampu, kutsitsa treble, ndipo ambiri amachotsa chubu choyamba cha 12AX7, chomwe chimakuza ka 100, n'kuikapo 12AY7 chokuza pafupifupi ka 40, kuti voliyumu ikwere mluzu usanayambe. Ngakhale atero, pa zojambula zambiri za pansanja hamonika imamveka yopyapyala kapena yomira poyerekeza ndi ya mu situdiyo. Apa situdiyo imapambana poyera.

Kuchuna nakonso. Hamonika siichunika pakati pa shoo, piyano chimodzimodzi, koma gitala imasuntha ndi kutentha kwa magetsi ndi kukoka nsambo, makamaka ya G. Mu situdiyo amachuna nthawi iliyonse asanayambe kujambula. Pansanja nyimbo ya mphindi 15 imatha nsambo itatsika, ndipo mumaimva pa ma chord otsiriza.

Tadala:
Liwiro musaliiwale. Werengani mabiti pa masekondi 15, chulukitsani ndi 4, pa ndime yoyamba ndi pa yomaliza. Pa zojambula za pansanja nambala yachiwiri kawirikawiri imakhala yokwera. Mu shuffle kukwera pang'ono kumapatsa nyimbo moyo. Kukapitirira, kudumpha kuja kwa noti yaitali ndi yaifupi kumafupika mpaka ziwirizo kufanana, ndipo yasanduka rock osatinso shuffle. Got My Mojo Working ya Muddy Waters pa At Newport 1960, pa 3 Julayi chaka chimenecho, ndi chitsanzo cha bandi yothamanga osataya kudumphako. Francis Clay pa ng'oma ndi Otis Spann pa piyano akukankha, James Cotton akuyankha pa hamonika, ndipo anthu anaifuna mpaka anaibwereza kachiwiri. Ikani pambali pake ya ku kampani ya Chess yomwe inatuluka mu 1957, mumva kuti ya mu situdiyo ndi yodekha, mawu ali patsogolo.

aGondwe:
N'chifukwa chake makampani ang'onoang'ono a ku Chicago anasankha njira yapakati: kutenga bandi imene imayimba limodzi usiku uliwonse n'kuilowetsa mu situdiyo mmene ilili. Bob Koester wa Delmark anachita zimenezo ndi Junior Wells pa Hoodoo Man Blues mu 1965, Buddy Guy ali pa gitala, osaitanitsa oyimba aganyu, osawapanikiza ndi malire a mbale ya 45. Ampu ya Buddy Guy itavuta, gitala anaidutsitsa mu sipika ya Leslie ya ogani, ndipo kamvekedwe kozungulira kaja kanatsala pa nyimbo zina. Bruce Iglauer anayambitsa Alligator mu 1971 kuti ajambule Hound Dog Taylor and the HouseRockers, magitala awiri ndi ng'oma, popanda besi, Brewer Phillips akugwira mizere ya besi pa gitala. Yerekezani chimbale chimenecho ndi Beware of the Dog, cha pansanja, chomwe chinatuluka mu 1976 Taylor atamwalira kale. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa Albert King kapena a Allman, chifukwa mu situdiyomo sanasinthe anthu, maampu kapena voliyumu.

Mavuto:
Ndiye kuti poyerekeza ndiyenera kufunsa kaye ngati oyimba ndi omwewo, ngati anayimbira limodzi, ndi ngati cha pansanjacho sanachikhudzenso. Pali china chofunika posamala pomvetsera?

Chisomo:
Fananitsani voliyumu musanaweruze. Chokwera ngakhale pang'ono chimamveka chokoma, cha besi yambiri, ndipo zimbale zokonzedwanso posachedwa nthawi zambiri n'zokwera kuposa zotulutsidwa kale. Tsitsani chokweracho mpaka mawu a woyimba afanane pa zonse ziwiri. Ngati mukumvera pa intaneti yatsani chofananitsa voliyumu, ndipo onani kuti ndi kusakaniza kwa chaka chiti, chifukwa matepi a Fillmore East okha anatuluka m'mitundu ingapo.

Tadala:
Ndipo musayerekeze usiku umodzi ndi situdiyo kokha, yerekezaninso usiku ndi usiku unzake. Zotsala za mashoo a Albert King a mu Juni 1968 zinadzatuluka mu 1990 pa zimbale ziwiri, Wednesday Night in San Francisco ndi Thursday Night in San Francisco. Holo yomweyo, bandi yomweyo, ampu yomweyo, masiku awiri otsatana. Mverani pamene akutsitsa bandi mpaka kutsala besi ndi hi-hat, muwerenge maulendo amene akudikira asanakwezenso.